Majumbo angaphunzitse ana momwe lamulo limapangidwira

Ophunzira ambiri amadziwa kuti malamulo amachokera ku Nyumba ya Malamulo, koma mukawafunsa zomwe zimachitika ganizo lisanasanduke lamulo, amangoti kakasi. Njira yowathandiza ndi kuwapatsa vuto loti alilembere lamulo okha. Zinyalala za pulasitiki zimayenerera bwino ntchitoyi, chifukwa zimawerengeka, zimakhudza aliyense, ndipo anthu amasiyana maganizo pa zoyenera kuchita nazo.

Mtsutso usayambe umboni usanapezeke. Kwa masiku 5, ophunzira anayi kapena asanu, atavala magolovesi, azitola zinyalala pamalo amodzi nthawi yofanana tsiku lililonse. Azisiyanitse: majumbo, mabotolo, timapaketi ta zakudya. Aziwerenge, ndipo ngati pali sikelo aziyezenso. Jumbo ndi yopepuka kuposa botolo, choncho zomwe zachuluka pa chiwerengero mwina sizikhala zomwe zachuluka pa kulemera. Apa pomwe mkangano woyamba wabadwa kale.

Kenako alembe bilu (ganizo la lamulo lomwe silinavomerezedwe) ya ndime 5 zokha: chinthu choletsedwacho n'chiyani, lamulo likukhudza yani, woonetsetsa kuti likutsatidwa ndani, chilango n'chotani, ndipo liyamba liti kugwira ntchito.

Ndime yoyambayo isathamangiridwe, pakuti phunziro lagona pamenepo. Ana amalemba msanga kuti "pulasitiki ndi yoletsedwa". Afunseni za cholembera chomwe chili m'manja mwawo, kapena kabotolo ka mankhwala. Maiko ambiri amaletsa jumbo potengera kuchindikala kwake, komwe kumayezedwa m'ma micron. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Njirayi imasiya mpata. Ku California, m'dziko la America, lamulo la mu 2014 linaletsa majumbo opyapyala n'kulola ochindikala poganiza kuti anthu aziwagwiritsa ntchito kangapo. Ambiri ankangowataya atanyamulira kamodzi, ndipo mu 2024 aphungu anachita kukhazikitsa lamulo lina lotseka mpatawo. Nalo dziko la Kenya linayesa kaye malire a kuchindikala, mpaka mu 2017 linangoletseratu majumbo, ndipo chilango chake chimafika zaka 4 m'ndende kapena chindapusa cha mashilingi 4 miliyoni.

Kuletsa si njira yokhayo. Mu 2002 dziko la Ireland linaika msonkho wa masenti 15 pa jumbo iliyonse, ndipo majumbo ogwiritsidwa ntchito anatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Mu 2007 msonkhowo anaukweza kufika masenti 22 ataona kuti anthu ayambanso kuwatenga. Kalasi ikakhala ndi njira ziwirizi, kuletsa kapena kulipiritsa, imagawikana yokha popanda mphunzitsi kuikankha.

M'kalasi ya ana 40, sankhani sipikala mmodzi, kalaliki mmodzi wolemba zonse, komiti ya anthu 7 ndi mboni 5. Otsalawo akhale aphungu. Mbonizo ziimire anthu omwe lamulo liwapweteke kapena kuwathandiza, monga wogulitsa zinthu, wogwira ntchito kufakitale ya pulasitiki, wotola zinyalala, wazaumoyo ndi wogula wamba. Bilu iwerengedwe koyamba popanda mtsutso. Ikawerengedwa kachiwiri, aphungu akambirane cholinga chake chokha, aliyense mphindi 2. Ikatero ipite kukomiti kukamva mboni ndi kukonza ndime imodziimodzi, isanabwerere kudzaponyeredwa voti yomaliza.

Zolakwika zimabwerezabwereza. Mphunzitsi akakhala sipikala, ana amayankhula zomusangalatsa iye. Mboni zikapatsidwa maudindo tsiku lomwelo, wakufakitale amangovomereza zonse, pamene akanapatsidwa masiku awiri akanabwera ndi funso lovuta la ntchito za anthu. Chovuta china ndi kuvotera bilu yonse pakamodzi. Kusintha kulikonse kuvoteredwe pakokha ndime yake isanavomerezedwe, apo ayi amene akudana ndi chilango chokha amakana bilu yonse. Ndipo ana amakonda zilango zoopsa, n'kuiwala kutchula amene aziona olakwa. Lamulo lotere limathera papepala.

Bilu ikadutsa, mphunzitsi wamkulu aisayinire kapena aibweze ndi zifukwa zolembedwa, monga amachitira mtsogoleri wa dziko m'maiko ambiri. Pakatha masabata 4, gulu lija likatolenso zinyalala pamalo omwe aja kwa masiku 5. Ngati majumbo achepa koma timapaketi tachuluka, komiti ikhalenso pansi ndi kulemba bilu yosintha ndime yoyamba.