Chifuwa cha TB: ndani ayenera kudziwa, ndani alibe nazo gawo

Chimene chimabweza anthu ambiri pa geti la kiliniki si mapiritsi ayi, koma maso a anthu. "Akandiona pa mzere uja, mawa msika wonse wa Kapata muno mu Chipata udziwa." Ndiye munthu amatsokomola mwezi wathunthu uku akungogula timankhwala pa kantemba.

Ngati mwatsokomola masabata 2, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena thupi likutentha, pitani mukapereke makhololo. Amene muli ndi HIV musadikire n'komwe masabata amenewo. Makina a GeneXpert amapeza kachilombo ka TB m'maola 2, ngakhale zotsatira zimachedwerapo makhololo akatumizidwa ku chipatala china. M'zipatala za boma mankhwala a TB ndi aulere.

Zotsatirazo ndi zanu. Namwino kapena dokotala saloledwa kuuza abwana anu, apongozi, abusa ngakhale a nyakwawa inu musanavomere. N'zoona kuti dzina lanu limalowa m'kaundula wa TB, chifukwa unduna wa zaumoyo umayenera kudziwa kumene matendawa akufalikira, koma kaundulayo si wowerengera anthu apanjira. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri, ndipo wachipatala akaulula zanu mukhoza kukadandaula kwa mkulu wa chipatalacho kapena ku Health Professions Council of Zambia, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo.

Adzakupemphaninso kuyeza HIV. Mu 2017, Pulezidenti Edgar Lungu atalengeza kuti aliyense wofika kuchipatala aziyezedwa, panabuka mkangano waukulu pa nkhani yokakamiza odwala. Choyenera n'chakuti akufotokozereni kaye, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kapena kukana. Komabe ife tikuti vomerani. TB ndi imene imapha kwambiri anthu amene ali ndi HIV, ndipo wodwala zonse ziwiri amafunika ma ARV pamodzi ndi mankhwala a chifuwa.

Povuta penipeni ndi kunyumba. TB imayenda mumpweya, ndiye amene mumagona nawo chipinda chimodzi apuma kale zimene mwatsokomola. Mwana wosakwana zaka 5 sangasankhe mpweya wopuma, ndipo mwa iye TB imathamanga, nthawi zina mpaka kufika ku ubongo. Apa chinsinsi chanu chakumana ndi moyo wa wina. N'chifukwa chake azaumoyo amafunsa mayina a apabanja panu kuti nawonso ayezedwe, ndipo amene sanadwale apatsidwe mankhwala oteteza. Ena mwa mankhwalawa amamwedwa kamodzi pa sabata kwa miyezi 3.

Tikudziwa kuti kuulula si kopepuka. Alipo amayi amene amaopa kuti akangonena, bambo awauza kuti anyamule katundu abwerere kwawo. Mantha amenewo musawabise kwa namwino. Muuzeni, ndipo mupempheni akhalepo pouza amuna anu, kapena aitane banja lonse kudzayezedwa popanda kuloza munthu chala. Kubisa mpaka mwana atayamba kuonda ndiye kumene sitingakuvomereze.

Inu osamalira wodwala, za kumupatulira mbale ndi kapu zisiyeni, TB siyenda m'nsima. Tsegulani mawindo, dzuwa ndi mphepo zilowe. Wodwala akamwa mankhwala bwinobwino kwa masabata 2 kapena kuposerapo, mpata wopatsira ena umachepa kwambiri.

Mankhwala ndi a miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mitundu 4, kenako mitundu 2. Mkodzo ukafiira musadabwe, ndi rifampicin ameneyo, mmodzi mwa mankhwalawa. Koma maso akachita chikasu kapena mukamasanza kwambiri, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri amapeza bwino mwezi woyamba usanathe n'kusiya, ndipo kusiyasiya koteroko n'kumene kumabala TB yosamva mankhwala. Kale yoteroyo inkatenga miyezi 18 kapena kuposa, ndi jekeseni wogonthetsa makutu. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira ya mapiritsi okhaokha ya miyezi 6, koma si yoti munthu n'kuilakalaka.

Ngati mukusamukira ku Katete, ku Lundazi, kapena mukuwoloka pa Mwami kupita kwa achibale ku Mchinji, nenani msanga kuti akulembereni kalata yopitirizira mankhwala, ndipo khadi lanu la TB lisatsale.