Kuchokera ku Lulwe kutsikira kuchigwa: mbiri ya mpingo wa Africa Evangelical ku Nsanje

Mbiri ya Chikhristu m'Malawi muno ikamakambidwa, maina amene amamveka ndi Blantyre, Livingstonia ndi Nkhoma. Chigwa cha Shire chimangotchulidwa ngati njira imene ena anadzera. Ndi zoona kuti David Livingstone analondola mtsinje wa Shire mu 1859, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Anzake a Mackenzie anakhalako pang'ono kwa Chibisa ku Chikwawa, koma malungo, njala ndi nkhondo zinawathamangitsa. Amishoni amene anabwera pambuyo pake ankatsika sitima za pamadzi, n'kuyamba ulendo wokwera kumtunda kozizira. Kutentha kwa kuno kunkawaopsa.

Amene analimba mtima n'kukhazikika kumunsi kwenikweni kwa chigwa anali a South Africa General Mission. Gululi linayamba ku Cape Town mu 1889 ndi dzina loti Cape General Mission, ndipo oyambitsa ake anali Spencer Walton, Martha Osborn ndi mbusa Andrew Murray, yemwe analitsogolera mpaka imfa yake mu 1917. Dzina la South Africa General Mission linabwera mu 1894. Murray ameneyu anali mbale wake wa A.C. Murray amene anatsegula mishoni ya Mvera, chiyambi cha mpingo wa Nkhoma, mu 1889, choncho Nsanje ndi Nkhoma zili ndi ubale wakale umene ambiri saudziwa. Mu 1900 a South Africa General Mission anatsegula mishoni ya Lulwe, pamapiri a kumadzulo kwa Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje. Patapita zaka anatsegulanso Chididi, nakonso pamapiri.

Mishoni imeneyi sinatumidwe ndi mpingo umodzi wa kwawo monga zinalili ndi Asikoti a ku Blantyre. Inali ya mtundu umene unkatchedwa mishoni yodalira chikhulupiriro: amuna ndi akazi ochokera m'mipingo yosiyanasiyana, opanda malipiro otsimikizika, odalira pemphero ndi zopereka za abwenzi. Chimene chinkawamanga pamodzi chinali chiphunzitso chachifupi ndi cholimba. Baibulo ndi Mawu a Mulungu ndipo ndilo lomaliza kulankhula pa nkhani iliyonse. Munthu aliyense ndi wochimwa, ndipo amapulumuka mwa chisomo pokhulupirira Yesu amene anafa pamtanda ndi kuuka. Munthu sabadwa ali Mkhristu chifukwa bambo ake ndi mkulu wa mpingo. Ayenera kutembenuka mtima yekha, kubadwanso mwatsopano, ndipo moyo wake uonetse kusinthako. Wopulumutsidwayo ayenera kuuzako ena. Andrew Murray ankalimbikira kwambiri za pemphero ndi moyo wachiyero, ndipo amene anabwera ku Lulwe anabwera nazo zimenezi.

Apa ndi pamene panagona vuto, ndipo ndikuona kuti amene samvetsa vuto limeneli sangamvetse mpingo wa kuno. Uthenga unkaitana munthu payekha, pomwe chigwa chinali ndi chipembedzo chimene sichinkaona munthu payekha. M'nkhalango ya Khulubvi, kufupi ndi boma la Nsanje, muli kachisi wa Mbona, amene Amang'anja akhala akumutumikira kwa zaka mazana angapo. Mwambo umati Mbona anali wodziwa kuitana mvula, anaphedwa ndi adani ake, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubviko. Kachisiyo ali ndi ansembe ake, ali ndi mkazi wa Mbona wotchedwa Salima, ndipo mafumu akuluakulu monga Lundu ndi Tengani ali ndi udindo pa iye. Kukachita chilala, dzombe kapena madzi osefukira, nkhaniyo sinali ya banja limodzi. Midzi inkasonkha zofunika pa nsembe, ndipo kachisi akagwa ankamangidwanso ndi manja a anthu a dziko lonselo.

Tsono taganizirani mnyamata amene waphunzira ku Lulwe, walowa kalasi, wabatizidwa, n'kubwerera kumudzi. Mvula yakana, anyakwawa alengeza zosonkha mapira a nsembe. Iye akukana chifukwa waphunzira kuti pali Mkhalapakati mmodzi yekha pakati pa Mulungu ndi anthu. Kwa iye kumeneko ndi kumvera Mawu. Kwa amalume ake, mwanayu akutsekera mvula mudzi wonse, ndipo mapira akauma m'munda wa mphala, wakumtunda wodalira mvula, adzauma a Mkhristu ndi a wachikunja omwe. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mantha enieni, ndipo sindikuona chifukwa chonyozera agogo athu amene anakwiya. Koma sindingapeputsenso mtengo umene Akhristu oyambawo analipira, poti kukana mowa wa maliro, kukana kuombeza ula mwana akadwala, kukana mitala ndi gule kunkatanthauza kukhala mlendo pakati pa abale ako. Mpingo nawo sunkanyengerera. Wobwerera ku zakale ankadulidwa, saloledwa pa mgonero mpaka atalapa.

Nthawi yomweyo chigwa chinkasintha nkhope. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908. Thonje linakhala mbewu ya ndalama. Asena ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, makamaka pambuyo pa nkhondo ya Makombe ya 1917 youkira Apwitikiziwo, ndipo m'madera ambiri a Nsanje anachuluka kuposa eni nthaka. Mishoni inkaphunzitsa ndi mabuku a Chinyanja, ndipo Buku Lopatulika lathunthu litatuluka mu 1922 linakhala buku la m'kalasi ndi la m'tchalitchi momwe. Mpaka lero si zachilendo kuno kumva vesi likuwerengedwa m'Chichewa kenako mlaliki n'kulimasulira m'Chisena kuti agogo amve bwino. Akatolika a chipani cha Montfort nawo anafika m'chigwa, ndipo panali kulimbirana midzi yomangamo sukulu.

Ntchito yaikulu sinagwiridwe ndi azungu a pamapiri aja. Iwo anali ochepa, ndipo kutsikira kudambo nthawi ya dzinja kunali kovuta. Amene anatsitsa uthenga kuchigwa anali aphunzitsi ndi alaliki a konkuno, oyenda wapansi ndi pabwato, ophunzitsa ana kuwerenga pakati pa sabata n'kulalikira Lamulungu pansi pa mtengo. Maina a ambiri a iwo ali m'mitu ya zidzukulu zawo basi, ndipo ndikanakonda mpingo ukanawalemba eni kukumbuka asanathe.

Mkangano wa mpingo ndi kachisi unafika poipa pamene unasakanikirana ndi ndale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda linakakamiza alimi kulima mizere ndi mitumbira poti akuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu a kuno, amene anazolowera kulima kwawo kwa m'dimba ndi m'mphala, anakana mwamphamvu, ndipo a ku Khulubvi anaima nawo. Mfumu Molin Tengani, yemwe anali Mkhristu, anaima mbali ya malamulo a malimidwewo, ndipo sankagwirizana ndi za kachisi ngakhale ufumu wake unali ndi udindo kumeneko. Pamaso pa alimi ambiri Chikhristu chinaoneka ngati chili mbali imodzi ndi boma. Chimenecho chinali chilonda, ndipo chinatenga nthawi kuti chipole.

Koma m'zaka zomwezo ku Lulwe kunayamba chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndicho cholowa chokongola kwambiri cha mpingowu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunatsegulidwa sukulu ya ana osaona, imodzi mwa ziwiri zoyambirira m'dziko muno pamodzi ndi ya Chilanga ku Kasungu. Mwana wosaona nthawi imeneyo ankangokhala pakhonde, wowerengedwa ngati katundu wa banja. Mpingo umene umaphunzitsa kuti munthu aliyense ayenera kudziwerengera yekha Mawu sukanatha kumusiya pakhondepo. Anamuphunzitsa kuwerenga ndi zala. Chiphunzitso chomwe chija chimene chinagawa mabanja pa nkhani ya nsembe ndicho chinapatsa mwana ameneyu malo m'kalasi.

M'zaka za m'ma 1960 mishoni inasintha dzina kukhala Africa Evangelical Fellowship, ndipo mpingo umene unabadwa mwa iyo, wotsogoleredwa ndi Amalawi, ndiwo Africa Evangelical Church. Mu 1998 mishoniyo inaphatikizana ndi bungwe lina la amishoni lotchedwa SIM. Mpingowu uli pachibale ndi Zambezi Evangelical Church, wochokera ku mishoni imene Joseph Booth anayambitsa ku Mitsidi mu 1892, ndiponso Evangelical Church of Malawi wochokera ku Nyasa Mission. Anthu a ku Nsanje opita kukafuna ntchito anapita nawo mpingo wawo ku Nchalo, ku Blantyre mpaka ku Lilongwe.

Mafunso akale aja sanathe, angosintha malo. Kachisi wa ku Khulubvi alipobe ndipo akulemekezedwa ngati chuma cha dziko. Nkhani yolimba masiku ano imabuka pamaliro, mkazi wamasiye akauzidwa kuti achite mwambo wa kupita kufa, wogonana ndi mwamuna wina pambuyo pa maliro, kuti mudzi usadetsedwe. Mipingo ya chievanjeliko imakana mwambowu, ndipo chibwerere Edzi mafumu ambiri ndi azaumoyo anayamba kulankhula chimodzimodzi. Komabe mayi amene wakana amafunika anthu oti aime naye abale a mwamuna akamamuloza chala, ndipo kawirikawiri amene amaima naye ndi amayi anzake a mumpingo. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 atakokolola midzi, matchalitchi ndi sukulu za pamtunda ndi zina mwa malo amene anthu anathawirako, ndipo alaliki akumidzi anayamba kufunsidwa zimene kale zinkapita ku Khulubvi: chifukwa chiyani madzi akubwera chaka ndi chaka, ndipo tisamuke kapena tikhale pa nthaka ya makolo?