Chomwe chinamanitsa Mangochi njanji

Sitima yapamtunda sifika kuno ku Mangochi, komatu njanji inatizinga mbali zitatu. Kumadzulo kuli ija yochokera ku Balaka, yodutsa pa Sharpevale ndi Golomoti n'kukafika ku Chipoka ndi ku Salima. Kummwera kuli ya pa Liwonde yopita ku Nayuchi. Kummawa nakonso, mukadutsa chipata cha Chiponde ndi Mandimba n'kulowa mkati mwa Mozambique, mukapeza ya ku Cuamba yokwera ku Lichinga. Ife tili pakati, tikudalira malole ndi maminibasi. Mwana wa kwa Makanjira angathe kumaliza pulayimale sitima akungoidziwira pachithunzi cha m'buku.

Okonda sitima aliponso kuno, ngakhale ndi ochepa. Amakwera minibasi mpaka pa Liwonde kukadikira ya malasha pafupi ndi mlatho wa njanji. Nkhani zawo sizisintha: mvula yagwa kuti, sitima yadutsa nthawi yanji ndi mabogi angati, yachoka panjanji pati. Zikatha izi amabwerera ku mkangano wakale, woti kodi anatimana njanji ndani. Ena amaloza azungu, akuti anasunga mangawa chifukwa cha nkhondo zomwe anamenyana ndi mafumu achiyao monga Makanjira ndi Jalasi. Ena amaloza Kamuzu, akuti ankalanga boma lino chifukwa cha Henry Masauko Chipembere, amene mu Febuluwale 1965 anaukira boma la Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) n'kukagwa mphwayi pa doko la Liwonde. Madandaulo amenewa ali ndi pogwira, ndipo akuluakulu a ku Malindi amakumbukira bwino momwe zinthu zinawawira m'zaka zotsatira. Koma pa nkhani ya njanji, zaka sizikuvomereza. Amene anatimana njanji ndi madzi.

Pamene azungu ankamanga linga la Fort Johnston mu 1891, malo ano anali khomo la nyanja yonse. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kukwera ndi sitima zapamadzi mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga. Kuchokera pamenepo mtsinje sulola chombo chifukwa cha mathithi a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo. Ndiye amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu, kukwera naye ku Blantyre, kutsika naye ku Matope, komwe sitima ina inkamutenga kudutsa Liwonde ndi nyanja ya Malombe mpaka kuno. Sitima ya amishoni a Angilikani a UMCA, Chauncy Maples, inabwera m'njira imeneyi zidutswazidutswa kuchokera ku Glasgow, anailumikizira kwa Mponda ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ili pafupi ndi mlatho ija ndi ya nthawi yomweyo, pamene tauni ino inkadziona ngati yamawa. Aliyense wokamba za njanji masiku amenewo ankakamba zolumikiza Shire wa kumunsi ndi nyanja, ndipo doko lalikulu la nyanja linali lino.

Njanji yoyamba, ya Shire Highlands Railway, anayamba kuimanga mu 1903 ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Apa pomwe madzi anali atayamba kale kulamula. Poyamba anafuna kuti iyambire pa Chiromo, koma mtsinje unkaphweraphwera moti sitima zapamadzi zinkatitimira mumchenga zisanafike. Anaikokera kummwera mpaka Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje. Nakonso madzi anachepa, ndipo pofika 1915 anali ataitalikitsanso mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Ndalama zomwe zikanakankhira njanji kumpoto zinathera kuthamangitsa mtsinje womwe unkathawa.

Kuno kumtunda zinthu zinafika poipa kwambiri. Zaka zambiri za mvula yochepa zinatsitsa nyanja, ndipo cha mu 1915 inafika pansi penipeni. Pakamwa pa Shire panaunjikana mchenga, bango ndi udzu zinamera, mtsinje unasiya kutuluka m'nyanja. Timitsinje ta m'mbali tinapitiriza kuthira matope m'khwawa lake osawakokolola kanthu. Malombe anasanduka dambo, anthu n'kumalima pomwe kale pankadutsa sitima. Ulendo wa pamadzi wa Matope unafa. Zinakhala chonchi zaka pafupifupi 20.

Tsono ndi m'zaka zimenezi momwe boma la atsamunda linagamula za njanji ya kumpoto. Njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika pa gombe la kummwera kwa Zambezi mu 1922, katundu n'kumawoloka pa chombo. Mu 1930 kunakhazikitsidwa kampani ya Nyasaland Railways, ndipo ntchito ziwiri zinayendera limodzi: mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndi njanji yochoka ku Blantyre kupita kunyanja. Dziyikeni m'malo mwa injiniya wa nthawiyo. Fort Johnston ili pa mtsinje, osati panyanja penipeni, ndipo mtsinjewo watsekeka. Mukabweretsa njanji pamenepa mwaifikitsa pa doko lopanda madzi. Kumadzulo kwa nyanja kuli chigwa chosalala, kuli thonje, ndipo kuseri kwake kuli fodya wa ku Lilongwe ndi Dowa amene panthawiyo anali atayamba kuchuluka. Njanji inawoloka Shire pa Shire North, inadzera ku Balaka, inakhudza nyanja pa Chipoka n'kukathera ku Salima mu 1935. Mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa chaka chomwecho, ndipo ngongole zake dziko lino linazisenza kwa nthawi yaitali.

Chopweteka n'chakuti cha mu 1935 momwemo nyanja inali itakweranso mpaka kusefukira pamwamba pa mchenga uja, Shire n'kuyambanso kuyenda. Madzi anabwerera zitsulo zitakhomedwa kale kwina.

Komabe kampani ya njanji sinalisiyiretu boma lino. Pa Chipoka mpoyera, mphepo ikawomba sitima ilibe pobisala. Monkey Bay ndiyo ili ndi doko lotchingidwa ndi mapiri, choncho Nyasaland Railways inaika likulu la sitima zake zapamadzi kumeneko. Kwa zaka zambiri amalinyero, amakaniko ndi owotcherera zitsulo a ku Monkey Bay anali antchito a kampani ya njanji, ena mwa iwo osakwerapo sitima yapamtunda. Sitima yapamadzi ya Vipya inali ya kampani yomweyi. Inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Florence Bay, komwe lero timati Chitimba, itakumana ndi mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Chikumbutso chawo chili pa boma pompano, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Ilala, yomwe inabwera pambuyo pake, anaipanga ku Scotland mu 1949, zidutswa zake zinakwera njanji kuchokera ku Beira, anazilumikizira ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Ngozi yaikulu ya kampani ya njanji yomwe anthu a kuno amaikumbukira inachitikira pamadzi, nyengo ya mwera.

Nanga za Kamuzu zija? Njanji yomwe anamanga pafupi nafe ndi ya 1970, yochoka pa Nkaya, kudutsa Liwonde, kukafika ku Nayuchi, mtunda wa makilomita 101, ndi ngongole yochokera ku South Africa. Cholinga chinali kukalumikiza njanji ya Apwitikizi yopita ku doko la Nacala. Tayang'anani mapu. Kuchoka pa Liwonde kupita ku Cuamba njira yachidule ndi yodzera pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Kudzera kuno kukanafuna kuzungulira Malombe kenaka kukwera chitunda cha Namwera, chomwe ngakhale lole yodzaza imakwera ikulira. Kaya mkuluyo ankatikonda kaya ayi, palibe injiniya amene akanalondolera sitima kumeneko. Kenaka njanji inapitirira kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada, poti likulu linali litasamukira kumeneko.

Zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inadula njira zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, mpaka asilikali athu anatumizidwa kukalondera ya Nacala. Kumapeto kwa 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Pambuyo pake kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano yodutsa Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, inakonzanso ya Nayuchi, kuti malasha a ku Moatize azikafika ku Nacala, ulendo wa makilomita 912. Imeneyi ndiyo sitima yomwe anzathu aja amakadikira pa Liwonde: mitu ingapo kutsogolo, mabogi oposa 100 pambuyo. Wowerenga akangoyankha moni wa munthu, chiwerengero chasokonekera.

Mlendo akamva anthu amenewa akufunsana za mvula ya ku Ntcheu kapena ya ku Machinga angaganize kuti ndi alimi. Ayi, akuwerengera njanji. Njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo imakhala pa miyala yoswa yomwe yayalidwa pa mtumbira wa dothi. Mphamvu yake yonse ili mu mtumbirawo. Mvula ikagwa yambiri kumapiri, timitsinje touma chaka chonse timadzadza pa ola limodzi, timabwera ndi mitengo ndi zinyalala, timatseka kalavati. Madzi akasowa podutsa amadikha kuseri kwa mtumbira, amaufewetsa, kenaka amauboola. Zitsulo zimatsala zili lende m'malere, zooneka bwinobwino kwa munthu amene ali patali. Woyendetsa akaziona usiku nthawi yatha kale, chifukwa sitima yodzaza siima pomwe mwagwirira buleki, imapitirira mtunda ndithu. N'chifukwa chake nyengo ya dzinja pamakhala anthu oyendera njanji wapansi, ndipo sitima imauzidwa kuti pamalo akutiakuti iziyenda pang'onopang'ono. Apaulendo amadandaula kuti ikuchedwa, osadziwa kuti kuchedwako n'kumene kukuwafikitsa.

Dzuwa nalonso lili ndi mlandu wake, ndipo ife a m'chigwa timalidziwa. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, chitsulo chimatentha kuposa mpweya ndipo chimafutukuka. Ngati chasowa kopita, ndiponso miyala yogwira m'mbali yachepa, njanji imakhotera pambali ngati njoka yowoloka msewu. Ngozi zotere zimakonda masana, pamene za madzi zimakonda usiku ndi m'bandakucha, moti odziwa akangomva ola ndi mwezi amayamba kale kuganizira chomwe chachitika. Chachitatu si nyengo, ndi anthu: omasula tizitsulo togwira njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndi olima mpaka m'mphepete mwa mtumbira n'kutseka ngalande. Kazitsulo kogulitsidwa ndalama ya ndiwo za tsiku limodzi kangathe kugwetsa mabogi a feteleza wa boma lonse. Apa mpomwe ine ndimasiyana ndi aja amati ngozi iliyonse ndi tsoka la mvula. Mvula imangomaliza pomwe anthu anayamba kuwononga kapena pomwe okonza anazengereza.

Zitsanzo sizisowa. Mu 1997 madzi anakokolola njira pa Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inaleka kufika ku Bangula ndi ku Nsanje. Mu Januwale 2003 mvula ya namondwe Delfina inagwetsa mlatho wa Rivirivi kufupi ndi Balaka, ndipo unadzatsegulidwanso mu 2005. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anawononganso chigawo cha kummwera, kenaka kunabwera Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthawi iliyonse njanji ikaduka, katundu yense amathamangira pamsewu, mitengo ya mayendedwe imakwera, ndipo wogula thumba la feteleza kapena la simenti pa Mangochi amalipira nawo ngakhale sanaonepo mlatho wagwawo.

Nyanja nayo sinasiye kusinthasintha. Kamuzu Barrage ya pa Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti madzi opita kumagetsi a ku Nkula azitha kuwongoleredwa, koma siletsa nyanja kukwera mvula ikachuluka kumpoto ndi ku Tanzania. Inakwera kwambiri cha mu 1980, ndipo mu 2024 inalowanso m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete muno, eni ake n'kumakangana ndi akuluakulu a zamadzi kuti atsegule zipata za pa Liwonde.

Ntchito yaikulu ya njanji yomwe boma linayamba mu 2022 ndi yokonza chigawo cha Marka mpaka Bangula, cha makilomita 72, m'chigwa chomwe chija njanji inayambira. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka. Kuti idzafike ku Limbe, payenera kumangidwa kaye powolokera pa Chiromo.