Nsomba imadziwa bwanji kumene phokoso likuchokera?

Amene anasambirapo mu Likangala ali mwana akukumbukira masewero aja: umamiza mutu, mnzako n'kugogoda miyala iwiri pansi pa madzi. Phokosolo umalimva bwinobwino, koma kuti uloze kumene lachokera, ayi ndithu. Limamveka ngati lili m'mutu mwako momwemo. Komabe msodzi wa pa Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, akamenya madzi ndi nkhafi, makumba ndi matemba sabalalika mwachisawawa. Amathawa kusiya phokosolo kumbuyo, n'kukagwa mu ukonde. M'madzi amatope a Chilwa maso saona patali, choncho ntchito yaikulu ndi ya khutu.

Ifeyo timaloza phokoso chifukwa limayamba kufika khutu limodzi, linalo pambuyo pang'ono. Mumpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, koma m'madzi limathamanga mamita 1,500, ndipo limadutsa m'chigaza osatsekerezedwa. Makutu onse awiri amalandira pafupifupi nthawi imodzi. Nsomba, yomwe makutu ake ali m'kati mwa mutu, moyandikana kwambiri, njira imeneyi singaithandize.

Mukamadya mutu wa chambo mosamala, mumapezamo timiyala tiwiri toyera, tolimba, tosiyana ndi fupa. Ophunzira anga ndimawauza kuti asataye, chifukwa timeneti ndiye chimake cha kumva kwa nsomba. Thupi la nsomba limalemera mofanana ndi madzi, ndiye phokoso likamadutsa, madzi amanjenjemera ndipo thupi lonse limanjenjemera nawo. Timiyala tija n'tolemera pafupifupi katatu kuposa thupilo, motero timatsalira m'mbuyo. Kutsalirako kumapinda titsitsi tosaoneka ndi maso timene tili pansi pake. Titsitsiti tinayalidwa m'magulu, gulu lililonse kuloza kwake, ndipo gulu limene lapindika kwambiri limauza ubongo mzere umene phokoso likudutsa.

Apa mpamene nkhaniyi imandikoka mtima. Mzere uli ndi mbali ziwiri. Bwato likamagwedezeka kum'mawa ndi kumadzulo, kugwedezekako pakokha sikukuuza mbali imene funde lachokera. Nsomba yolakwitsa apa ingathawire m'kamwa mwa ng'ona. Mu 1975 katswiri wa ku Netherlands, Arie Schuijf, anapereka ganizo lakuti nsomba imayerekeza zinthu ziwiri: kunjenjemera kwa madzi ndi kupanikiza kwake. Kupanikizako imakumva ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba kaja, kamene kamafinyika ndi kufutukuka phokoso likamadutsa. Ngati madzi akukankhira kumanja pa nthawi imene kathumba kakufinyika, phokoso lachokera kumanzere.

Umboni wogwira mtima unabwera mu 2024. Ofufuza a ku Berlin anayesa kansomba kotchedwa Danionella cerebrum, kotalika mamilimita pafupifupi 12, kachibale ka matemba athu. Akaliza phokoso, kamathawira kutali ndi komwe lachokera. Atatembenuza dala kupanikiza kwa madzi, kunjenjemera n'kukusiya momwemo, kansombako kananamizika n'kuthawira komwe phokoso linkachokera.

Nsomba za Chilwa sizimva mofanana. Matemba ndi mlamba ali ndi timafupa tolumikiza kathumba ka mpweya ndi khutu, timene Ernst Heinrich Weber anatifotokoza mu 1820. Timafupati timanyamula kunjenjemera kwa kathumbako kukafikitsa kukhutu, n'chifukwa chake nsombazi zimamva ngakhale phokoso lapansipansi. Makumba alibe timafupati, ndipo amamva kwambiri maphokoso a besi okhaokha.

Mzere umene mumauona m'mbali mwa nsomba, kuchoka kumutu kukafika kumchira, ntchito yake ndi ina. Umamva kuyenda kwa madzi pafupi ndi thupi, mtunda wosaposa kutalika kwa nsombayo kamodzi kapena kawiri. Phazi likaponda mwamphamvu m'bwato, kapena nkhafi ikagunda m'mbali mwake chapatali, wozindikira ndi khutu, ndipo matemba amakhala atatembenuka kale msodzi asanaponye ukonde.