Katemera wa chitopa sapha nkhuku ayi

Pali nkhani ikumayenda m'magulu a WhatsApp yoti katemera wa chitopa ndi amene akumaliza nkhuku za lokolo, ati ukangotemera mawa lake khola lonse psiti. Abale, limeneli ndi bodza ndipo likupweteketsa anthu amene akuweta tinkhuku tawo kuseri kwa nyumba mtauni muno.

Chimachitika ndi ichi, ambiri amathamangira katemera nkhuku zitayamba kale kuwodzera, mapiko ali pansi, zitosi zobiriwira zamadzimadzi, ina mpaka khosi litapindika, nde zikafa amaloza katemera pomwe matenda anali atalowa kalekale. Katemera sachiza, amangoteteza, ndipo chitetezocho chimatenga sabata imodzi kapena masabata awiri kuti chikhwime.

Katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, nkhuku iliyonse ngakhale anapiye, miyezi 4 iliyonse, zikadali bwinobwino. Botolo lake osalisiya padzuwa chonde.

Komanso nkhuku zoyenda zokha zimakakumana ndi za aneba kudzala, nde uzanani mutemere nthawi imodzi. Yomwe mwagula kumsika isungeni payokha kaye masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake.