Dzina la Kongeresi Silinayambe ndi Kamuzu

Mukakhala pa bawo pa Lizulu, anthu akuyembekezera magalimoto a kachewere, simulephera kumva wina akunena motsimikiza kuti Kamuzu ndiye adayambitsa Malawi Congress Party, ndipo chipanicho chidatenga dzina la dziko. Zonse ziwirizi si zoona.

Mawu akuti Kongeresi adabwera ndi Nyasaland African Congress, bungwe lomwe lidayamba mu 1944, Kamuzu akadali dotolo ku Mangalande. Atsamunda adaliletsa mu Marichi 1959 n'kukatsekera Kamuzu kundende ya Gweru. Iye ali m'chitokosi chomwecho, Orton Chirwa ndi anzake, kuphatikizapo Aleke Banda yemwe adali kamnyamata, adakhazikitsa MCP chaka chomwecho. Orton ndiye adali pulezidenti woyamba, ndipo adapereka mpando Kamuzu atatuluka mu 1960. Zomvetsa chisoni n'zakuti Orton yemweyo adafera kundende ya Zomba mu 1992.

Nanga dzina lakuti Malawi? Chipani ndicho chidatsogola. Dziko lidali Nyasaland mpaka pa 6 Julayi 1964.

Chimene chidasintha kwambiri ndi fungo la dzina la Kongeresi. Kwa agogo athu, Kongeresi kudali kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, monga adachitira Inkosi Gomani kuno ku Ntcheu mu 1953. Kuchokera mu 1966, chipani chitatsala chimodzi, kungomva "achipani abwera" mayi wa dengu la tomato pamutu ankayamba kufwanthula kansalu kufuna kadi ya chipani, apo ayi mumsika salowa. Mpake mu 1993 mawu akuti "matipate" adakoma ngati uchi, mpaka ena n'kumayesa kuti ndi dzina la chipani china chatsopano.