Khoko la chipolopolo lisiyeni pomwe lagwera

Mfuti ikalira usiku pakhola la ng'ombe ku Ngabu kapena ku Bangula, pofika mbandakucha pakhomo pamakhala patadzaza anthu. Wina watola makoko atatu a zipolopolo, akuonetsa aliyense wofika. Amayi asesa kale bwalo poti kubwera alendo. Kamnyamata kathawa ndi khoko lina, kakuliliza ngati wenzulo. Apolisi pofika amalandira zotsala kuchokera m'thumba la munthu, zitakhulana ndi makiyi ndi makobili. Pakatha miyezi, anthu omwewo ndi amene amadandaula kuti mlandu wazizira. Mawu akuti "n'kachitsulo chabe, kanaphulika kale" ndatopa nawo.

Mfuti imasiya chidindo chake pa khoko lililonse limene yalavula. Kamsomali komenya chipolopolo kumbuyo kamasiya kadzenje. Wonga ukaphulika, khokolo limakankhidwira mwamphamvu pachitsulo chotsekera kumbuyo kwa mpope, ndipo timizere tonse ta chitsulocho timadindika pamenepo. Kambedza kolikoka ndi kachitsulo kolitayira kunja nazo zimakanda malo awoawo. Mutu wa chipolopolo umatenga zake: m'kati mwa mpope wa AK-47 muli ngalande zinayi zopotokera kumanja, ndipo zimaulemba mizere pamene ukutuluka. Mfuti ikagwidwa, katswiri amaiwombera m'thanki ya madzi, n'kuika chipolopolo chake ndi cha pamalo a ngozi pa maikulosikopu yoonetsa ziwiri nthawi imodzi. Njirayi si yadzulo ayi. Katswiri wa za mfuti wa ku America, Calvin Goddard, anaigwiritsa ntchito pa mlandu wa anthu 7 amene anaphedwa ku Chicago mu 1929.

Timizere timeneti n'tating'ono kuposa tsitsi. Kiyi mmodzi m'thumba akwanira kutifafaniza.

Kuchigwa cha Shire kuno tili ndi mdani winanso, dzimbiri. Mfuti zambiri za zigawenga ndi ma AK-47, ena otsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo makoko a zipolopolo zake kawirikawiri amakhala achitsulo chopakidwa utoto, osati amkuwa. Khoko lotere likapondedwera m'makande nthawi ya dzinja, dzimbiri silichedwa kudya chidindo chija. Mpope wa mfuti imene yakwiriridwa m'munda wa mapira kapena kubisidwa m'bango nawo umadyeka, moti chipolopolo chimene ingawombe chaka chamawa sichingafanenso bwino ndi cha lero. Tsiku lililonse lozengereza kukanena limadula umboni.

Mlandu wondiwawa mtima ndi wa mtundu uwu, ndipo umabwerezabwereza. Mbusa kapena mwini khola wawomberedwa, wafa. Kukutentha kwa Okutobala, kopitirira madigiri 40, abale amakana zodikira kuti mtembo upimidwe, maliro amaikidwa mawa lake chipolopolo chili m'thupi. Malaya a malemu achapidwa kapena atenthedwa. Makoko apita kwa sing'anga kuti akaombeze mwini mfuti, ndipo sing'angayo waloza mnansi amene anakanganapo ndi malemu pa za malire a dimba. Nyumba ya mnansiyo yatenthedwa. Kenaka patapita miyezi apolisi agwira mfuti kwa munthu wina kutali, mwina chakumalire ku Marka. Mfuti ilipo, wogwidwa nayo alipo, koma choifananitsa nacho palibe. Munthuyo amangoyankha mlandu wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo, mlandu wakupha uja n'kufera m'mazira. Sing'anga alibe maikulosikopu, abale anga. Ndipo wokuuzani kuti mankhwala ake amasandutsa chipolopolo kukhala madzi, mufunseni ayambe iye kuima kutsogolo.

Malaya aja ndiwo akanauza khothi mtunda. Mfuti yogunditsidwa pathupi imawaula nsalu. Yowombera pafupi imasiya mwaye kuzungulira bowo, ndipo timbewu ta wonga wosapsa timafika mpaka pafupifupi mita imodzi. Munthu akamati ankadziteteza polimbana, koma malaya alibe mwaye ngakhale pang'ono ndipo bala lolowera lili kumsana, nkhani yake yagwa. Fumbi la wonga la m'manja mwa wowombera silikhalitsa n'komwe: maola anayi kapena asanu ndi limodzi lambiri layoyoka, akasamba ndiye basi.

Ndisakunamizeni, umboniwu uli ndi malire. Umaloza mfuti, suloza chala chimene chinakoka. Mfuti imodzi imabwerekedwa ndi magulu angapo, choncho mboni zoona ndi maso zimafunikabe. Gogodela wa opha nyama mozemba cha ku Lengwe mpope wake ngwosalala, alibe ngalande, ndipo zidutswa za chitsulo zimene amaikamo sizitenga mizere yoti n'kufananitsa. Mutu wa chipolopolo umene waphwanyika pafupa kapena pakhoma nthawi zina umangonena mtundu wa mfuti, osapitirira apo.

Amfumu ndi achitetezo cha m'mudzi, ntchito yanu njosavuta. Tchingani malowo ndi chingwe, anthu ndi ziweto zisapondepo. AK-47 imaponyera makoko kumanja, mamita angapo, ndiye pomwe agwera pamasonyeza pomwe wowombera anaima, musawasonkhanitse pamodzi. Jambulani ndi foni, kenaka vundikirani lililonse ndi mbale kapena chidebe. Chipolopolo cholowa m'mtengo kapena m'chitseko musachikolowole ndi mpeni, apolisi adzadula thabwa lonselo. Mfuti mukaipeza musaipukute, musaiyese, musalowetse kamtengo mumpope. Ikapezeka m'madzi, ipite ili m'madzi omwewo m'chidebe, chifukwa ikauma dzimbiri limathamanga. Ngati madzi osefukira akukukakamizani kutola makoko apolisi asanafike, lililonse likulungidwe palokha m'pepala louma, mulembepo tsiku, malo ndi dzina la wotola. Malaya amagazi ayanikidwe pamthunzi, akauma alowe m'thumba la pepala, osati m'jumbo, mmene amachita nkhungu pasanathe masiku.